Wogula ndi Ndalama za Msonkho Ayambe Kusamala Ciani?

Munthu akapita kumsika ndi ndalama zace, palibe womfunsa. Akagula khasu losalimba cifukwa ca kucepa mtengo, lidzathyoka m'manja mwace, ndipo mlandu udzathera pakhomo pace pomwepo. Koma alipo ogula ena amene agula ndi ndalama zimene siziri zao. Ndiwo anchito a Boma, amene agulira dziko mankhwala a m'cipatala, mabuku ndi madesiki a ana a sukulu, ufa wa andende, simenti, malata ndi magalimoto. Ndalamazo ndizo msonkho wathu, umene tiupereka ngakhale pogula katundu m'sitolo. Cifukwa cace kutiyenera ife tomwe a kumudzi kulingalira za magulidwe ao, pakuti thumbalo liri lathu.

Kuno ku Malawi lamulo la m'caka ca 2017 linaika bungwe lochedwa Public Procurement and Disposal of Assets Authority, kuti liyang'anire magulidwe a Boma m'malo mwa ofesi imene inaikidwa ndi lamulo la 2003. Ndipo maiko ambiri ali nao mabungwe otere. Kale funso la ogulira Boma linali limodzi: Ndani adzatigulitsa mochipa, popanda cinyengo? Funso limeneli siliri loipa, ndipo tsiku limene lidzaiwalika tidzalira tonse. Koma m'caka ca 2015 maiko a m'bungwe la United Nations anapangana zolinga 17, ndipo m'colinga ca 12 anaikamo kuti maboma azigula mosaononga dziko ndi anthu ace, kuti obadwa m'tsogolo adzapezenso podyera. Pangano ili liri lokoma, koma pomwepo ndi pamene bvuto liyambira.

Pakuti zabwino zoyenera kusamalidwa ziri zambiri. Wina ati, Sungani nkhalango. Wina ati, Musadetse mitsinje. Wina ati, Gulani kwa amalonda ang'ono a m'dziko lino, monga Boma linalamulira m'caka ca 2020. Winanso ati, Cepetsani utsi umene ulikutenthetsa dziko lapansi. Onsewa anena zoona. Koma wolemba kalata yoitana ogulitsa, imene aicha tenda, ali ndi thumba limodzi, masiku ocepa, ndi oyendera nchito owerengeka. Akalemba zonsezi m'kalatamo, wogulitsa adzabvomera zonse ndi pakamwa, monga mwana wa sukulu abvomera kuti wamva pofuna kuti mphunzitsi amleke, ndipo sipadzakhala wolondola ngakhale cimodzi. Makolo anaziona kale pamene anati, Ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada. Cotero wogulayo ayenera kusankha. Ndipo kusankha pakati pa zabwino ndiko kusiya cabwino cina m'mbuyo ulikuciona ndi maso. Umo ndimo muli mlandu wa cikumbu mtima.

Ticotsepo msanga zinthu zina zimene siziyenera kulowa m'masankho awa. Kulandira ciphuphu, kulemba ana ang'ono nchito, kumana wanchito malipiro ace: izi siziikidwa pa muyeso ndi kunena kuti caka cino tisamale ici, cinaco caka camawa. Wogulitsa wocita zotere angobwezedwa pakhomo.

Pa zotsalazo, msampha woyamba ndiwo kuyamba ndi copepuka ndi cooneka. Ofesi icepetsa mapepala, isintha nyali zamagetsi, ibzala mitengo khumi pabwalo tsiku limene abwera ojambula zithunzi, niitamandidwa. Sindinyoza zimenezo. Koma zifanana ndi kusesa njira yopita alendo, pamene ciswe cirikudya mzati wa nyumba.

Ine ndiyesa kuti funso loyenera kutsogola ndi ili: Mwa zoipa zimene kugula kwathu kudzetsa, cosabwezeka ndi citi? Ndalama zikaonongeka, msonkho wa caka camawa udzabweza. Khoma likagwa, amisiri adzalimanganso. Koma taonani mkungudza wa pa phiri la Mulanje, mtengo umene sumera wokha kwina kuli konse pa dziko lapansi. Matabwa ace anunkhira, ndipo ciswe siciwakonda; cifukwa cace unacekedwa kuyambira masiku a Boma la Angerezi, ndipo pambuyo pace akuba matabwa ndi moto wa m'chire anatsiriza nchito. M'caka ca 1984 unachedwa mtengo wa dziko lathu; koma m'caka ca 2017 owerenga mitengo anapeza ikuruikuru 7 yokha yotsala paphiripo. Mbande zabzalidwa zambiri, ndipo tiyamika ozibzala. Koma palibe mmodzi wa ife owerenga mau awa amene adzaona nkhalango ija monga anaionera agogo athu. Ali yense wogula thabwa limodzi anayesa kuti wagula mochipa, pakuti mtengo wace weni weni unalembedwa pa dzina la adzukulu, amene sanalipo pa malondawo kuti akane.

Pali funso lina loyenda nalo limodzi: Ndi pati pamene thumba la Boma lilemera, kotero kuti likasintha magulidwe, ogulitsa nao asinthe mapangidwe? Boma likaleka kugula cinthu cimene ligula kamodzi pa zaka khumi, msika sudzamva kanthu. Koma pa zomangamanga Boma liri wogula wamkuru: sukulu, zipatala, maofesi ndi nyumba za anchito ace.

Mafunso awiriwa akomana pa nkhani ya njerwa, imene tonse tiidziwa ndi manja athu. Uvuni wa njerwa sukhuta tinkhuni ta m'munda. Ufuna zipika zikuru zoyaka usiku ndi usana, za muwanga, tsanya ndi msuku. Ndipo kumene mitengo iyi yatha, nkhwangwa yatembenukira pa mango amene anatilera. M'caka ca 2018 Boma linaika malamulo oletsa njerwa zoocha ndi nkhuni pomanga nyumba za Boma, za mabungwe ndi za malonda. M'malo mwace mulowe mabuloko a simenti, kapena njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zopanikiza ndi makina, zosafuna moto. Ine ndiyesa kuti pamenepo anasankha bwino. Mitengo ikacoka pa phiri, nthaka yacondeyo itsikira kumtsinje, ndipo siikweranso. Sindinena kuti nkhwangwa ndiyo inaitana namondwe wa Freddy, amene anapha anthu oposa 1,000 m'dziko lino m'mwezi wa Marici 2023. Mvula yotere ikadaononga ngakhale m'nkhalango. Koma amene anaona matope ndi miyala zirikutsika m'mapiri a Blantyre, Mulanje ndi Phalombe sakhoza kunenanso kuti phiri lometedwa ndi nkhani ya alonda a nkhalango okha.

Tsono ndisabise mbali yowawa, pakuti wonena kuti cosankha ici cilibe wolira sananene zoona. Mabuloko a simenti afuna ndalama zambiri pa tsiku logula. Tinene kuti ndalama zimene zikadamanga zipinda 5 za sukulu zimanga 4. Ana a cipinda cacisanuco adzakhalabe pansi pa mtengo, ndipo mvula ikagwa adzabalalika. Mphunzitsi ali yense adziwa kuti caka cotayika ca mwana naconso sicibwezeka msanga. Simenti yomwe iri nao mlandu wace, pakuti kuipanga kuturutsa pafupifupi magawo 8 mwa 100 a mpweya woipa umene anthu aturutsa pa dziko lonse. Ndiponso alipo mnyamata woumba njerwa kudambo, amene analikupeza ndalama ya feteleza mwa nchito imeneyo. Lamulo lamlanda wogula wace wamkuru, nilimpereka kwa mwini makina wa m'tauni. Ndipo kale midzi inali kuumba njerwa monga gawo lace pomanga sukulu, nkhalamba ndi ana omwe, kotero kuti sukuluyo anali kuicha yao. Cimeneco sicigulidwa ndi tenda.

Nanga titani nazo? Kodi tibwerere ku uvuni? Iai, koma wosankha cabwino cimodzi ali ndi ngongole kwa iwo amene wawasiya m'mbuyo, ndipo ngongoleyo ailipire m'kalata yomweyo ya malonda. Akhoza kulembamo kuti njerwa zipanikizidwe pamalo pomwepo ndi dothi la pomwepo, kuti simenti icepe ndi magalimoto asayende mtunda wautali. Kuti womangayo alembe nchito anthu a m'midzi yozungulira, ndi kuwaphunzitsa makinawo. Pamenepo mnyamata uja asintha cikombole, osataya nchito. Ndipo cimene casiyidwa cichulidwe poyera, kuti, Ici sitinacikhoza tsopano, tidzacionanso caka cakuti. Bungwe limene linena kuti lasamala zonse ndiliopa koposa limene liulula zimene lasiya.

Cinthu cina cindibvuta ine. Pa gome pamene masankho awa acitika pakhala wogula ndi wogulitsa, onse obvala nsapato. Mai amene ayenda maora atatu kukafuna nkhuni palibepo, ngakhale iye ndiye woyamba kudziwa kuti nkhalango yathawa. Akadafunsidwa, ndiyesa kuti sakadayamba ndi mapepala a mu ofesi. Akadaloza magalimoto odzala zipika amene alowa pa zipata za ndende ndi za sukulu zogonera, kumene miphika ikuru ya nsima ndi nyemba iphikidwa tsiku ndi tsiku. Nkhuni zimenezonso zigulidwa ndi ndalama za anthu, ndipo kawiri kawiri wolandira awerenga mulu wace wokha, osafunsa kumene zinadulidwa. Nyumba imangidwa kamodzi, koma mphika suleka kuwira. Ndikadakhala ine pa mpando wa wogulira Boma, nditatha za njerwa ndikadatuma oyendera anga owerengekawo kukaima pa zipata zimenezo, awerenge magalimoto a nkhuni caka cimodzi cathunthu, ndi kufunsa woyendetsa ali yense dzina la phiri limene acokera.