Kodi Nkoyenera Kunyoza Thupi Lathu?

Mwezi uno tilingalire pamodzi za thupi limene Mulungu anatibveka.

Taonani, ana athu ambiri, akazi ndi amuna omwe, agula mafuta oyeretsa khungu, poyesa kuti kuda ndiko kuipa. Koma mafuta ena otere ali ndi mercury, amene aononga impso. Ena ali ndi hydroquinone, imene popita zaka isiya mawanga akuda bii pankhope. Cifukwa cace dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'mafuta odzola m'caka ca 1990. Ndipo kuda kumene tikunyozako ndiko cikopa cathu cotichinjiriza pa dzuwa la cirimwe.

Wina adzati, Nanga kusamba ndi kudzola nkulakwa kodi? Iai. Mwini nyumba aizira naisesa pakuti aikonda. Koma wogumula makoma ace posirira ya mnzace adzagona pambvula. Kusamala thupi kucokera m'kuyamika. Kulida kucokera m'kaduka ndi manyazi.

Kumbukilani Samueli pakati pa ana a Jese. Iye anakopeka ndi msinkhu wa Eliabu, koma wodzozedwa anali Davide, wamng'ono wakuweta nkhosa.

Tsono mlandu waukuru uli pa ife akuru. Tikaseka mwana cifukwa ca kufupika, kunenepa, kapena kuda kwace, tabzala manyazi amene adzakolola atakula. Atate ndi amai, yambani lero kumuuza mwana wanu kuti ali wokongola monga analengedwa, asanakamve zina kumsika.