Cuma ca Mkristu

Masika akafika munthu aliyense amayang'ana nkhokwe yake. Wina amwetulira poona kuti yadzaza. Wina aweramitsa mutu, podziwa kuti cimanga cake sicidzafika nthawi ya dzinja. Tsono mtima ufunsa: wodala ndani pamaso pa Mulungu? Eklezia, Mayi wathu, atiphunzitsa kuti Mulungu sayesa munthu ndi nkhokwe. Ayang'ana njira imene munthuyo anapezera cuma cake, ndi nchito imene acigwiritsa.

1. Mwini cuma ndi Mulungu

Musaganize kuti Mulungu akondwera ndi njala kapena usiwa. Ndiye analenga nthaka, mvula, ng'ombe ndi nsomba za m'nyanja, naika munthu m'munda kuti aulime. Ambuye Yezu anagwira nchito ya matabwa ku Nazarete. Paulo woyera ankasoka mahema kuti asalemetse Akristu anzake. Cotero kulima mwakhama, kumanga nyumba yabwino, kutumiza ana kusukulu ndi kusunga mbewu za caka camawa si ucimo ai. Ulesi ndiwo ucimo.

Komabe ife ndife akapitao cabe, ndipo tsiku lina Mwini adzatifunsa. M'caka ca 1965 Aepiskopi a pa Msonkhano waciwiri wa Vatikano anatikumbutsa kuti Mulungu anapereka dziko ndi zokoma zake kwa anthu onse. Munda wanu ndi wanu ndithu, koma uyenera kupindulitsa anzanunso. Ngakhale m'Cipangano Cakale Aisraele analamulidwa kusiya mphepete mwa munda osakolola, kuti amphawi ndi alendo akunkhe.

2. Cuma cikasanduka msampha

Kumbukani fanizo la pa Luka 12. Munda wa munthu wina unabereka kwambiri, ndipo iye anaganiza zophwasula nkhokwe zake kuti amange zazikulu, akhale pansi zaka zambiri akudya ndi kumwa. Usiku womwewo anafa, ndipo Mulungu anamucha wopusa. Taonani: munthuyu sanabe. Kupusa kwake kunali kwakuti m'maganizo ake onse munalibe Mulungu, munalibe mbale, munalibe mlendo. Anali yekha ndi nkhokwe zake. Cimodzimodzi wacuma wa pa Luka 16 sanammenye Lazaro, sanampirikitse; anangomlambalala pakhomo tsiku ndi tsiku, mpaka anatayika.

Msampha umenewu uliponso m'midzi mwathu. Alipo opita kwa sing'anga kukakhwimira cuma, naiwala ubatizo wao. Alipo okongoza anzao mwa katapila nthawi ya njala: apereka dengu limodzi la cimanga, masika nalanda awiri. Alipo ogula ndi muyeso waukulu, ogulitsa ndi waung'ono, monga aja anadzudzulidwa ndi mneneri Amosi. Alipo ozengereza kulipira waganyu amene ana ake agona ndi njala, ndi olanda katundu wa mkazi wamasiye maliro asanathe nkomwe. Cuma cotere cili ngati cimanga ca anankafumbwe: kunja cioneka cokoma, m'kati ndi fumbi lokhalokha. Amene anacipeza motere asanyengedwe: kulapa kokha sikukwanira, ayenera kubweza.

Cenjeraninso ndi ophunzitsa kuti wolemera ndiye wokondedwa ndi Mulungu, ndi kuti wosauka alibe cikhulupiriro. Mwana wa Mulungu anabadwira m'khola, anafa wopanda covala, naikidwa m'manda a mwini. Kodi Atate sanali kumkonda? Mulungu sagulidwa ndi zopereka, ndipo pemphero si malonda.

3. Kulemera kwenikweni

Zakeo, mkulu wa okhometsa msonkho ku Yeriko, anali ndi ndalama zambiri koma analibe mtendere. Yezu atalowa m'nyumba mwake, iye analonjeza kugawira amphawi theka la cuma cake, ndi kubweza kanai kwa aliyense amene anamnyenga. Tsiku limenelo thumba lake linapepuka, koma cipulumutso cinalowa pakhomo pake.

Lorenso woyera, dikoni wa ku Roma, ndiye ankasunga thumba la Eklezia. Mbiri yake isimba kuti akulu a boma atamlamula kupereka cuma conse ca Akristu, iye anasonkhanitsa osauka, akhungu, opunduka ndi amasiye, nawaonetsa kuti ndiwo cuma ca Eklezia. Anaphedwa m'caka ca 258. Ndipo m'caka ca 1967 Papa Paulo VI analemba kalata yophunzitsa kuti citukuko coona si kuculuka kwa katundu kokha: ciyenera kukweza munthu yense, thupi ndi mzimu womwe, ndi kufikira anthu onse osasiyako mmodzi.

Makolo athu anati: kupatsa nkuika. Iwo ankanena za mnansi amene adzakukumbukira pa tsoka. Mkristu adziwa zoposa: cimene mwapatsa wanjala, mwaciika m'manja mwa Kristu mwini, m'mene ciswe sicifika. Pa tsiku la ciweruzo sadzawerenga ng'ombe zanu. Adzakufunsani za anjala, aludzu, alendo, ausiwa, odwala ndi am'ndende.

Inunso amene muli nazo zocepa, musati phunziro ili nla olemera okha. Umbombo ndi kaduka zimakhala ngakhale m'kanyumba ka udzu. Yezu anayamika mkazi wamasiye amene anaponya tindalama tiwiri m'Nyumba ya Mulungu, kupambana onse oponya zambiri. Muli ndi manja olimira nkhalamba, miyendo yokazonda wodwala, ndi malo pamphasa olandirira mlendo. Wolemera weniweni ndi amene ali m'caulere ca Mulungu, adya thukuta lake, agona wopanda mlandu ndi mnzake, ndipo pakhomo pake anthu sacita mantha kufika.

Tidzifunse

Kodi zimene ndili nazo ndinazipeza mwacilungamo? Kodi alipo amene ndiyenera kumbwezera kanthu? Lazaro wa pakhomo panga ndani, ndipo ndidzamcitira ciani Lamulungu lisanafike?

Tipemphere

Ambuye Mulungu, Atate athu, zonse tili nazo nzanu. Dalitsani minda yathu ndi nchito za manja athu. Muticotsere umbombo tikakhuta, muticotsere kaduka tikasowa. Tsekulani maso athu kuti tizindikire Mwana wanu mwa osauka, ndipo tikadzasiya zonse za pansi pano, mutilandire kwanu. Tikupempha kudzera mwa Kristu Ambuye athu. Amen.