Kodi Kupha m'Maseŵera ndi Kuphadi?

Inu aphunzitsi a Sande Sukulu, tsiku lina mwana adzakufunsani funso limeneli, ndipo musamuyankhe mothamanga. Taonani maseŵera otchedwa Diablo IV, amene kampani ya Blizzard ya ku America inatulutsa m'chaka cha 2023. Dzinalo m'Chisipanishi litanthauza Mdierekezi. Woseŵera asankha munthu amene iye adzakhale: wankhondo wa nkhwangwa, wamatsenga, kapena woukitsa mafupa a akufa kuti amumenyere nkhondo. Tsono ayenda m'dziko longopeka, nakapha ziŵanda ndi anthu, mwazi uli chuchuchu pa kanema. Akapha ambiri, mphamvu zake zikula.

Mwana wochenjera adzati, "Palibe wafa, ndiponso ndi ziŵanda zimene ndikupha. Nanga Davide sanadule mutu wa Goliati?" Musamkalipire, pakuti wanena zoona pang'ono. Chithunzi chilibe moyo, ndipo palibe maliro amene achitika. Koma Katekisma wa Heidelberg, wolembedwa m'chaka cha 1563, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chimodzi salekeza pa dzanja lokha. Afika pa muzu wa kupha umene uli mumtima, monga udani, mkwiyo ndi kufuna kubwezera. Nkhani ya Davide mwana aimva, nafunsa mafunso, inu nkumfotokozera. M'maseŵera ndi chala chake chomwe chikupha, kambirimbiri madzulo amodzi, ndipo nthaŵi iliyonse alandira mphotho. Sitikunena kuti adzasanduka chigaŵenga ayi. Chimene tifunsa ndi ichi: mtima wa mwana wa zaka 10 ukuzoloŵera kukondwa ndi chiyani? Munthu wamkulu atha kupatula nthano ndi moyo, natseka makinawo akatopa. Mwana kaŵirikaŵiri apita nazo kukagona.

Ngakhale a kunja kwa mpingo aona chomwecho. Ku Ulaya bungwe la PEGI, limene linayamba mu 2003, limaika nambala 3, 7, 12, 16 kapena 18 pa maseŵera, ndipo pa Diablo IV linaika 18. Ku America bungwe la ESRB linaikapo chilembo M, ndiko kuti a zaka 17 ndi kupitirira. Si abusa aŵa. Nzodabwitsa ndithu kuti nthaŵi zina kholo lachikhristu limalola chimene iwo anakaniza.

Komabe nambalayo iyesa zimene kampani inapanga basi. Siyesa alendo. Maseŵera ameneŵa sayenda popanda intaneti, kotero mwana akumana ndi anthu osawadziŵa amene angathe kumlembera mau. Wina anena kuti ndi mnyamata mnzake, pamene ndi bambo wandevu. Mulinso sitolo m'katimo yogulitsa zovala za wankhondoyo ndi ndalama zenizeni.

Pa Sabata lino funsani ana maina a maseŵera amene amachita, ndipo muwalembe. Kenaka pemphani makolo kuti aone nambala ija, atseke njira yolankhulana ndi alendo, asasiye khadi la ku banki m'makinamo, ndipo akhale pambali pa mwana madzulo amodzi, aone okha ndi maso ao.