Udindo wa Mwini Dziwe

Kodi munthu amene wakumba dziwe ali nawo ufulu wochita nalo monga afunira? Taonani makumba: amaswana msanga, ndipo tikapanda kuwapungula, chakudya chimachepa, onse napinimbira. Manyowa amabiriwitsa madzi ndi kumeretsa chakudya cha nsomba. Koma tikapyola muyeso, mpweya umatha m'madzi usiku, ndipo mbandakucha tipeza nsomba zili pamwamba, kukamwa yasa.

Nsombazi sizingathawire kwina, pakuti tinazitsekera ndife. Chotero zolengedwa zimene tazimana njira yothawira, tiyenera kuzisamala. Tipise mkono m'madzi kufikira m'chigongono; chikhatho chikabisika, tileke kuthira manyowa.

Funso loganizira: Madzi amene tikhetsa m'dziwe lathu, adzatunga ndani kumunsi?