Kodi Chipinda Ndicho Chimapanga Luso?

Pakati pa zimene nyumba yoonetsera zaluso ya Tate Modern ku London imasunga pali chiwiya chokodzeramo amuna, cholembedwa pambali kuti R. Mutt. Marcel Duchamp anapereka chotere ku chionetsero cha ku New York mu 1917. Choyambacho chinasowa, cha ku Tate'chi n'chopangidwanso mu 1964. Wochiona amafulumira kunena kuti chimene chachisandutsa luso ndi khoma loyera ndi mlonda woletsa kuchigwira. Ine ndikuti ayi: chipinda chimangoimitsa munthu kuti ayang'ane, koma sichingaike tanthauzo m'chinthu chimene chilibe.

Wina anganditsutse kuti ngati zili choncho, chinyalala chilichonse chikhoza kulowa, bola mwini wake akhale ndi pakamwa. Mawuwo ali ndi mphamvu, ndipo pali zina zopachikidwa zimene sizipitirira pamenepo. Koma taonani zimene El Anatsui wa ku Ghana anapachika mu Turbine Hall ya ku Tate Modern komweko mu 2023. Ukakhala patali, zinkaoneka ngati nsalu zazikulu zonyezimira. Ukayandikira, zinali zitsekerero za mabotolo a mowa, zophwanthidwa, zobooledwa, zolumikizidwa chimodzichimodzi ndi waya wa kopa. Mowa unali m'gulu la katundu amene Azungu ankasinthanitsa ndi akapolo kumadzulo kwa Africa, akapolowo n'kukalima nzimbe kutsidya kwa nyanja. Mbiri imeneyi zitsekererozo zinabwera nayo, khoma silinazipatse. Ngakhale nsaluzo zitayanikidwa pa mpanda wa pamsika, wodutsa angaimebe n'kufunsa kuti anazisoka ndani.