Mawu a Akuluakulu Akoma Akagonera

Mwambi uwu makolo amaunena kwa mwana wamakani, amene amati akalangizidwa amatseka makutu. Zaka zikapita, zimene anachenjezedwa zija zikamugwera, ndi pamene amayamba kukumbukira kuti agogo ananena. Mawu a munthu wamkulu samveka kukoma tsiku limene atuluka pakamwa. Ali ngati thobwa: ukathira chimera madzulo, umadikira kuti kuche. Komatu thobwalo limagonera mumtsuko, ndipo pano pa Zomba mawu a akuluakulu athu ambiri alibe mogonera.

Mapepala ali ndi kwawo. Zomba inali likulu la dziko kuyambira 1891 mpaka 1975, ndipo ku National Archives, komwe ntchito inayamba mu 1947, kuli makalata a abwanamkubwa ndi malipoti a ma DC. Nzofunika ndithu, koma olemba ake ambiri anali azungu a boma. Mesenjala amene ankanyamula makalatawo, khukhi wa kunyumba ya bwanamkubwa, mayi amene ankatsika m'phiri atasenza nkhuni kupita nazo kumsika, onsewa nkhani zawo anazisiya m'makutu mwa ana awo basi.

Taganizirani za Napolo. Mu Disembala 1946 mvula inagwa yosalekeza, madzi osakanikirana ndi matope ndi miyala n'kutsika m'phiri la Zomba, kugumula milatho ndi nyumba, anthu n'kufa. Lipoti la boma lingakuuzeni kuchuluka kwa mvulayo ndi katundu amene anawonongeka. Koma mkokomo umene anthu anaumva, njira imene anathawira atabereka ana, khwawa limene linasefukira koyamba, zimenezo akuzidziwa ndi amene analipo. Mwana amene anali ndi zaka 10 nthawiyo, lero ali cha m'ma 90. Namondwe Freddy atagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu Marichi 2023, dzina la Napolo linabwereranso pakamwa pa anthu. Mawu a akulu anakoma, koma anakomera pamaliro.

Ntchito yosunga mawu inachitikapo kale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Melvin Page, mothandizidwa ndi ophunzira a Chancellor College, anacheza ndi okalamba amene anali asilikali ndi amtengatenga pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Panthawiyo ena mwina ankaona ngati n'kutaya nthawi ndi nkhalamba. Anthuwo anatsamira mkono kalekale, koma zimene ananena zinalowa m'buku la The Chiwaya War, lomwe linatuluka mu 2000. Chipilala cha asilikali a KAR chiimirebe pano pa Zomba, koma mwala sungafotokoze kulemera kwa katundu pamutu pa mtengatenga.

Lero sitifunikanso makina olemera. Foni yokwana m'thumba ndi yokwanira. Mnyamata wa ku Chikanda, Mpondabwino, Sadzi kapena Chinamwali atha kuyala mphasa pakhonde, kuika foni pampando, n'kunena kuti, "Agogo, tatiuzani, pano panali chiyani nyumbazi zisanamangidwe?" Akatero akhale chete. Agogo akayamba m'Chichewa n'kupotolokera ku Chiyao kapena Chilomwe, asiyeni, chifukwa nkhani imatuluka bwino m'chiyankhulo chimene inachitikiramo. Akakhosomola, akaseka, akaima pakati pa mawu chifukwa atchula dzina la mnzawo amene anamwalira, musadule. Pepala silingasunge zimenezo.

Vuto ndi loti foni imabedwa, imagwera m'madzi. Mawu ojambulidwa alembedwe tsiku, malo ndi dzina la wolankhula, kenako akopedwe n'kusungidwa kwina: kusukulu, kutchalitchi, kumzikiti, ngakhale ku Archives komweko. Ndipo abwerere kwa eni ake. Wailesi monga YONECO FM zili pompano, anthu a m'dera atha kumva agogo awo pa wailesi.

Pali nkhani zina zolemera, za amene anatsekeredwa kundende ya Mikuyu, za amene ankaletsedwa kulowa mumsika chifukwa chosowa khadi ya chipani, za amene ananenezana. Wojambula ayambe wapempha chilolezo, afotokoze bwino kumene mawuwo akupita. Mkulu akati, "Izi muzaziulutse ine nditapita," wojambulayo alembe pomwepo ndipo asunge lonjezolo.