Madzi a Pachitsime ndi Udindo wa Munthu pa Nsomba Yotsekeredwa

Funso lakuti munthu ali ndi mangawa otani kwa cholengedwa chimene wachitsekera pamalo poti sichingachokepo limaoneka laling'ono pamene cholengedwacho ndi kansomba kotalika ngati chala, koma limalemera pamene madzi okhawo amene banja lili nawo ndi a pachitsime kapena pamjigo, ndipo madziwo ali ndi vuto. Akwariyamu, ndiye kuti thanki yagalasi imene anthu amawetamo nsomba m'nyumba kuti azisangalala poziona, imasiyana ndi khola pa chinthu chimodzi chachikulu: mbuzi imapuma mpweya umene mwini wake sanaukonze ndipo imalira ikamva ludzu, pamene nsomba imapuma, kudya ndi kudzithandiza m'madzi omwewo amene munthu wathira ndi manja ake, ndipo ilibe mawu odandaulira. N'chifukwa chake nkhani ya madzi oipa, ngakhale imayambira ku sayansi, imakathera ku chikumbumtima.

Madzi ochokera pansi pa nthaka amanyenga maso, chifukwa amatuluka oyera ndi ozizirira bwino, ndipo alibe klorini, mankhwala ophera tizilombo amene amathiridwa m'madzi a m'mipopi ndipo amapha nsomba. Komabe madziwa, popeza akhala nthawi yaitali osakhudzana ndi mphepo, amakhala ndi okosijeni wochepa ndi kaboni dayokosaidi wambiri, moti nsomba yoikidwamo nthawi yomweyo imakwera pamwamba n'kumayasamula kukamwa ngati ikupempha thandizo. Nthawi zina amakhala ndi chitsulo chosungunuka chimene sichioneka pojiga, koma ndowa ikagona usiku umodzi pansi pake pamadikha matope ofiirira ngati dzimbiri, omwe angathe kumata ziwalo zimene nsomba imapumira. Fungo la dzira lovunda limasonyeza mpweya wa poizoni wochokera ku sulufule, ndipo m'madera ena a ku Chikwawa ndi Nsanje mijigo imatulutsa madzi amchere. Chovuta koposa kuchizindikira ndi naitireti, mchere wolowa m'nthaka kuchokera ku feteleza, ndowe ndi zimbudzi zokumbidwa pafupi ndi chitsime, chifukwa alibe mtundu, alibe fungo, ndipo kuwiritsa madzi sikumuchotsa koma kumamuchulukitsa pamene madzi ena akuuluka ngati nthunzi. Akuluakulu adanena kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo madzi oyera a pachitsime amatsimikiza mwambiwu.

Apa pakubuka mfundo yoyamba ya chikhalidwe, yakuti umbuli umene munthu akadatha kuuchotsa sumuchotsera mlandu. Pali timabotolo ndi timapepala toyezera madzi timene timasintha mtundu n'kuonetsa kuchuluka kwa naitireti, kwa laimu wosungunuka, ndi pH, womwe ndi muyeso wa pakati pa 0 ndi 14 wosonyeza ngati madzi ali ndi asidi kapena akupendekera ku mbali ya laimu, pomwe 7 ndiye pakati. Woweta amene nsomba zake zafa katatu, iye n'kumangogula zina osayeza madzi ngakhale kamodzi, sangatchule tsoka kapena chifuniro cha Mulungu, chifukwa wasankha kusadziwa chinthu chimene chidali m'manja mwake.

Zipembedzo zimene anthu ambiri a m'chigawo chino amatsata zimagwirizana pa mfundoyi. M'chaputala choyamba cha Genesis, nsomba ndizo zoyamba kutchulidwa mwa zolengedwa zimene munthu apatsidwa kuti azilamulire, koma chaputala chachiwiri chimaonetsa munthuyo ataikidwa m'munda kuti aziulima ndi kuusamala, kotero kuti ulamulirowo ndi wa kapitao amene adzafunsidwa za katundu wa mwini wake. M'Chisilamu muli hadisi yodziwika, yolembedwa ndi Bukhari, yonena za mayi amene adalangidwa chifukwa adatsekera mphaka osamupatsa chakudya komanso osamumasula kuti akadzisakire yekha, ndipo phunziro lake n'lakuti kutsekera ndiko kumabala udindo. Nawo anthu oganiza mozama adafika pomwepo podzera njira ina: mu 1789 Jeremy Bentham adaphunzitsa kuti chofunika poganizira nyama ndi kuthekera kwake komva zowawa, ndipo mu 2003 kafukufuku wa Lynne Sneddon ndi anzake adaonetsa kuti nsomba za mtundu wa trout zili ndi minyewa yozindikira zinthu zovulaza thupi. Kukhala chete kwa nsomba sikutanthauza kuti ili pamtendere.

Malemba amasimba za madzi owawa a ku Mara amene adakoma Mose ataponyamo mtengo, ndi kasupe wa ku Yeriko amene Elisa adamuchiritsa ndi mchere, ndipo woweta nsomba amalakalaka chozizwitsa chotero akamagula botolo la mankhwala osinthira pH pakamphindi. Koma kusintha kwadzidzidzi kumavulaza nsomba kuposa madzi osakoma kwenikweni amene ali okhazikika, choncho gawo la munthu ndi ntchito yodekha. Madzi atungidwe mumgolo waukhondo n'kupopedwamo mpweya kwa maola 24 kapena kuposerapo, kuti mipweya yoipa ichoke, okosijeni alowe ndipo chitsulo chidikhe n'kusefedwa. pH iyezedwe zimenezi zitatha, popeza imakwera kaboni dayokosaidi akachoka. Thanki yatsopano imafuna masabata 4 mpaka 6 kuti m'sefa yoyeretsera madzi ake mumere mabakiteriya amene amasandutsa amoniya, poizoni wochokera m'zonyansa za nsomba, kukhala naitiraiti, kenaka naitireti amene ululu wake ndi wocheperapo. Ngati chitsimecho chili kale ndi naitireti wambiri, kusintha gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi sabata iliyonse sikukwanira, ndipo pamafunika zomera za m'madzi zomwe zimamudya, madzi amvula okololedwa mwaukhondo osungunulira, kapena makina a reverse osmosis, omwe amakankha madzi kudutsa pa kansalu kopyapyala kotsekereza pafupifupi michere yonse, moti madzi ake amayenera kusakanizidwa ndi ena asanaperekedwe kwa nsomba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Funso lozama kwambiri n'lakuti munthu alimbane ndi madzi kuti agwirizane ndi nsomba imene mtima wake ukufuna, kapena asankhe nsomba yogwirizana ndi madzi amene nthaka yamupatsa. Nsomba za ku Amazon monga discus ndi neon tetra zidazolowera madzi a asidi opanda laimu, ndipo kuziweta m'madzi a mjigo a laimu wambiri ndi nkhondo yosatha imene nsombazo zimalipira ndi moyo wake tsiku limene woweta watopa. Mbuna za m'nyanja ya Malawi, zimene zimawetedwa m'nyumba za ku Ulaya, America ndi Asia, ndiponso zimatetezedwa ku Cape Maclear m'paki imene bungwe la UNESCO lidaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984, zimakhala m'madzi a pH ya pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndipo zimapirira bwino madzi a laimu malinga akhale aukhondo ndi ofunda. Kusankha mbuna pamalo otero ndi kudzichepetsa, kuvomereza kuti chilengedwe chili ndi malire amene chilakolako sichingawafafanize. Ndipo pamene madzi ali oipa moti sangakonzeke ndi chuma chimene banja lili nacho, chisankho cholungama ndi kuleka kuweta nsomba.

Wina angatsutse kuti n'kusowa chochita kudera nkhawa nsomba zokongoletsa nyumba pamene anthu ambiri akusowa madzi abwino akumwa. Kutsutsaku n'kwanzeru, koma kukuiwala kuti thanki ndi mtsuko zimatunga pachitsime chimodzi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidaika malire a naitireti m'madzi akumwa pa mamiligalamu 50 pa lita imodzi, makamaka pofuna kuteteza makanda, amene magazi awo amalephera kunyamula okosijeni mcherewu ukachuluka. Kapepala koyezera madzi a nsomba sikaonetsa tizilombo ta kolera, koma kakaonetsa naitireti wokwera kamakhala kachenjeza kuti zonyansa za kuchimbudzi kapena za kumunda zikufika m'chitsime chimene ana amamwa. Munthu amene wadziphunzitsa kufunsa za madzi chifukwa cha cholengedwa chosatha kudandaula amakhala wakonzekera kufunsa funso lomwelo m'malo mwa khanda, lomwenso silingathe kunena chimene chikulipweteka.